Trainz 2019 ndi yabwino ndithu, koma ya pa fulashi ija musagule

Gemu ya sitima za pa njanji imeneyi ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo ndinene poyamba kuti mkwiyo wanga si wa gemuyi ayi, ndi wa mnyamata uja wa shopu ya makompyuta ku Limbe amene anandidyera K15,000 yanga masanasana. Anandilumbirira kuti "akulu iyi ndi yonseyonse, sitima zonse zili momo, njanji zonse zili momo", ine kumusiyira laputopu mpaka madzulo. Pofika kunyumba gemu ikutseguka bwinobwino koma Download Station osalowa, ikufuna akaunti, chifukwa chinthucho chinali chongokopera basi. Amene mumaidziwa Trainz mukudziwa kuti popanda Download Station muli ndi theka la gemu, poti ndi kumene anthu amaikako zimene apanga okha, mitu ya sitima, mabogi, mitengo, nyumba, njanji zamitundumitundu. Nditabwerera akuti "ndi netiweki yanu akulu", kenako foni yanga anasiya kuyankha, mpaka pano ndikamadutsa pakhonde pake amayang'ana kumbali. Yeniyeni ndinagula pa Steam, shopu ya magemu ya pa intaneti, itatsika mtengo muja imachitiramu, msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene analipira ndi khadi yake, za mabandulo ausiku amene anathera podawunilodi sindinena.

Kuyendetsa sitima zimene zimabwera kale mu gemumo ndi zabwino koma ine chimene ndinaifunira ndi Surveyor, kumene umamanga njanji yako wekha. Malo amabwera m'zigawo za mamita 720 mbali zonse, umawonjezera chigawo ndi chigawo mmene ukufunira, kukweza phiri, kukumba dambo, kupaka dothi. Kuyala njanji kuli ngati kukoka chingwe pokonza mizere kumunda, umakhoma poyambira nkukoka, iyo imakhota yokha, ndipo ukalumikiza ina pambali mphambano imadzipanga yokha ndi chogwirira chake chosinthira njira. Ine ndinasankha kumanga Nkaya, pamene njanji yochokera ku Limbe kupita ku Balaka ndi Salima imakumana ndi ija yopita ku Liwonde ndi Nayuchi, komanso yatsopano ija yochokera ku Moatize yonyamula malasha kupita ku Nacala.

Tsiku lina anabwera kunyumba malume anga amene anagwira ntchito ku Malawi Railways kale kampani ya CEAR isanatenge njanjiyo mu 1999, munthu woti za magemu amati ndi zotayitsa nthawi ana. Anaima kumbuyo kwanga akudikira chakudya, kuyang'ana pa sikilini kanthawi ndithu osayankhula, kenako akuti "mphwanga, malowo ndawadziwa, koma njanji iyi si yathu, yatambalala". Ndipo amanena zoona, njanji zambiri zobwera ndi gemuyi ndi za mamilimita 1435 za ku Europe ndi America pomwe yathu kuno ndi 1067, yomweyo ya ku Mozambique, Zambia ndi South Africa. Ndi maso okha bambo aja anaona. Ndinalowa pa Download Station kusaka za 3ft 6in, amene ndi mamilimita 1067 omwewo, zinapezeka, makamaka za ku Queensland ku Australia, kwawo kwa opanga gemuyi, poti njanji yawonso ndi 1067 yomweyi, ndiye pali chida chosinthira njanji yonse kamodzi osachita kuzula imodziimodzi. Itasintha malume anakoka mpando. Akuti "tayikapo yamalasha yaitali ija, mabogi apitirire 100 ngati enieni aja, ndipo usayendetse ndi kabatani kamodzi kaja, lowa m'mutu mwa sitima". Ndinachoka pa DCC yosavuta ija kulowa Cab mode, mitu inayi kutsogolo, sitima kudzuka pang'onopang'ono mabogi akugundana kuyambira kutsogolo mpaka kumchira uko. Tili patali ndithu mphambano isanaoneke nkomwe anandigwira paphewa, "gwira buleki pano". Ine ndikuti malume sitinafiketu. Akuti "ndati pano, mpweya umatenga nthawi kuti ukafike bogi lomaliza, ukadikira kuona ndi maso wachedwa kale". Ndinagwira, kasingano ka geji kuyamba kutsika koma sitima ikungopitabe ngati sindinapange kalikonse, mtima wanga m'mwamba, kenako ndi pamene inayamba kugwira bogi ndi bogi, kulemera kwake kumachita kumveka, nkudzaima chapafupi penipeni ndi siginolo. Bambo aja anawomba m'manja, anaimirira, akuti "ameneyu wapanga chinthuchi anakwerapo sitima". Nsima inazizira patebulo mayi akuitana, iwo ali kalikiliki kundiuza kuti apa pakhale njanji yapambali yodikirira sitima ikakumana ndi inzake, apa nyumba ya woyang'anira siteshoni, mtsetse uwu wauchulutsa sitima yodzaza singakwere chonchi. Pano Loweruka lililonse amafunsa ngati tafika pa mlatho wa Shire ku Liwonde.

Kunena chilungamo tsiku limenelo ngakhale mnyamata wa shopu uja ndinamukhululukirako pang'ono, poti ndi pa kompyuta yake pamene ndinaiona koyamba gemuyi. Koma ndalama yanga ndikuifunabe.

Nyenyezi yachisanu ndaisunga kaye chifukwa pali zinthu zimene ndikulakalaka atawonjezera. Kukula kwa njanji kuzisankhidwa kamodzi poyamba mapu, ukati 1067 gemu izikuonetsa njanji, mitu ndi mabogi zogwirizana nazo zokhazokha, chifukwa panopa umasaka chimodzichimodzi ndipo ukaika bogi la njanji yaikulu pa yaing'ono matayala amayenda panja pa zitsulo. Komanso mapu enieni azilowa mwachindunji, ndikangosankha dera la Balaka mapiri ndi mitsinje zibwere zokha, pakali pano zimenezo zimafuna pulogalamu ina yogula payokha ngati TransDEM, ine ndimachita kuyang'ana pa Google Earth nkumakweza dothi pamanja.

Koma chimene ndikuchifunitsitsa ndi mvula yoononga. Mvula ilimo mu gemumu inde koma ndi yongokongoletsa, njanji siimva kanthu. Kwathu kuno madzi ndi amene amalamula njanji, a ku Lower Shire akudziwa mmene madzi osefukira anadulira njanji ku Chiromo mu 1997 sitima nkusiya kufika ku Nsanje zaka zambirimbiri. Tangoganizani ukuyendetsa mu Januwale uthenga nkubwera kuti kutsogolo madzi akokolola miyala ya pansi pa njanji, uchepetse liwiro kapena uime, utumize sitima ya akonzi ndi miyala ina, ya anthu idikire pa siteshoni. Imeneyo ndiye ntchito ya njanji imene malume amaikamba. Ndipo pa siteshoni pazikhala moyo, osati anthu ongoima chilili ndi zikwama za m'manja, tikufuna amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi nthochi pa mawindo, matumba a chimanga, njinga zokwezedwa m'bogi, kuti sitima izichedwa kunyamuka malinga ndi katundu amene alipo. Milambe nayo achulutse, Balaka wopanda milambe sakuoneka Balaka.

Laputopu ikhale yamphamvuko, yanga imatentha ndikadzala mitengo yambiri malo amodzi, ndipo muziseva pafupipafupi, magetsi athuwa mukuwadziwa. Download Station yaulere imayenda pang'onopang'ono, yothamanga ndi ya tikiti ya First Class, ine ndimangoisiya usiku izidzikokera. Ngati alipo wina amene anapanga kale mitu ya sitima ya mtundu wa kuno kapena mabogi a anthu aja a Limbe mpaka Nayuchi ayike pa Download Station chonde, panopa tikuyendera ya ku Queensland.