Air cooler kuchokera m'chilimwe mpaka m'dzinja: zomwe zimaoneka pakapita miyezi

Air cooler yomwe tikukamba pano ndi ija ya matayala, ya thanki ya malita 30 mpaka 50, yokhala ndi fani, pampu yaing'ono ndi mapadi a honeycomb (mapepala okhuthala a timabowo ngati zisa za njuchi) kumbuyo ndi m'mbali. Ikagwira ntchito kuyambira Seputembala mpaka kumapeto kwa dzinja, chimene chimaoneka poyera n'chakuti awa ndi makina a chilimwe. Mu Okutobala amathandiza zedi. Mvula ikayamba amasanduka fani wamba, ndipo amene sanauzidwe zimenezi pogula amaganiza kuti awonongeka.

Chifukwa chake chili m'kagwiridwe kake ka ntchito. Mulibe gasi kapena kompresa ngati mu air conditioner. Pampu imakweza madzi kuti anyowetse mapadi, fani n'kukoka mpweya wotentha kudutsa m'mapadi onyowawo. Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa mpweyawo, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Mpweya ukakhala wouma, madzi ambiri amauluka ndipo kuzizira kumakhala kwakukulu. Panja pakakhala madigiri 35 ndi chinyontho cha 20 peresenti, mpweya wotuluka m'makina abwino umakhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Koma pa madigiri 30 ndi chinyontho cha 75 peresenti, zomwe si zachilendo mu Januwale, umangotsika ndi madigiri awiri kapena atatu, ndipo thupi limayamba kumata. N'chifukwa chake ku Lilongwe, Kasungu, Balaka ndi kuchigwa cha Shire, komwe ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, phindu lake limaoneka bwino. M'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ku Nkhata Bay kapena Nkhotakota, musayembekezere zambiri.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kutseka zitseko ndi mawindo. Zimenezo n'za air conditioner. Air cooler ikakhala m'chipinda chotseka imangozunguza mpweya womwewo, chinyontho chimakwera, ndipo pasanathe ola kuzizira kumatha. Pakapita masabata, zovala m'kabati zimayamba kununkha chinyezi ndipo nkhungu imamera kuseri kwa mipando. Ikani makinawa pafupi ndi zenera lotsegula, kumbuyo kwake kutayang'ana panja, kenako tsegulani khomo kapena zenera lina kumbali ina ya chipinda kuti mpweya wonyowa uzituluka. Usiku zimenezi zimafuna mawindo a gozi, apo ayi mwaitana udzudzu.

Pa nkhani ya madzi ndi pamene makina ambiri amafera. Tsiku lotentha ndi louma, air cooler ya msinkhu uwu imamwa malita 2 mpaka 5 pa ola. Madzi amauluka koma mchere ndi laimu zomwe zinali m'madzimo zimatsala. Mukamangothira madzi atsopano pamwamba pa akale, zotsalirazi zimachulukirachulukira mpaka mapadi ayera ndi kuuma gwa, timabowo todonthetsera madzi pamwamba titatsekeka. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: chotsani chivundikiro chakumbuyo makina akuyenda, mupeza mbali zina za padi zili zonyowa pomwe zina zili zouma. Mpweya umathamangira mouma muja n'kutuluka wotentha. Amene amatunga pamjigo, makamaka madera a Chikwawa kumene madzi ena apansi ndi amchere, vutoli limawapeza msanga kuposa a madzi a m'mipope.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Kamodzi pa sabata zimitsani makina, zulani pulagi, tsegulani kabowo kapansi pa thanki ndi kukhuthula madzi onse, kenako pukutani ndere ndi matope. Kamodzi pa mwezi chotsani mapadi, atsukeni ndi madzi oyenderera pang'onopang'ono, ndipo ngati ayera aviikeni m'madzi osakaniza ndi viniga woyera pang'ono kwa theka la ola musanawatsukuluze. Osawakwecha ndi bulashi yolimba, osawathira Jik wambiri. Mapadiwa ndi a pepala lomatidwa, amafewa n'kuphwanyika. Pampu nayo ivuleni kasefa kake, muchotse tsitsi ndi fumbi. Timabowo ta pamwamba tibooleni ndi kawaya kopyapyala.

Pampu ndiyo imayamba kufa. Imazizira ndi madzi omwe yamizidwamo, choncho thanki ikauma usiku anthu ali m'tulo, imapsa. Makina ena amazimitsa okha pampu madzi akachepa, ena ayi, ndipo ili ndi funso lofunika kufunsa pogula kuposa la rimoti ndi timagetsi tokongola. Funsaninso ngati mapadi ndi pampu za mtundu umenewo zimapezeka, chifukwa makina onse akhoza kukhala pakona chifukwa cha kachipangizo kamodzi.

Fungo la chithaphwi limabwera mapadi akamagona onyowa. Musanazimitse, tsekani pampu ndi kusiya fani iziyenda kwa mphindi 20 kapena 30 kuti aume. Madzi osiyidwa m'thanki sabata yathunthu osayenda amaswanso mphutsi za udzudzu.

Pa magetsi palibe chodandaula. Ambiri amadya mawati 60 mpaka 200. Ya mawati 100 ikayenda maola 10 yatha yuniti imodzi, pomwe air conditioner ya chipinda chimodzi imatha yuniti imeneyo m'ola limodzi lokha kompresa ikamayenda. Magetsi akazima, inveta ndi batire ya sola zimaikwanitsa, ngakhale mota imalira ndi kutentha pa inveta zotchipa za mtundu wotchedwa modified sine wave.

Za kuika ayezi m'thanki kuti mpweya uzizire kwambiri, musataye nazo nthawi. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imachotsa kutentha kofanana ndi ayezi wa makilogalamu pafupifupi 7 akasungunuka. Timabotolo tiwiri ta madzi oumitsidwa m'firiji tikaikidwa m'thanki timangoziziritsa kwa mphindi zochepa, kwinaku firiji ikudya magetsi kuti tiumenso.

Mvula ikakhazikika, gwiritsani ntchito fani yokha, thanki ili youma. Nyengo yozizira ikafika, mu Meyi, tsukani zonse, umitsani mapadi pamthunzi, ndipo phimbani makinawo kuti mphemvu ndi makoswe zisalowemo. Makoswe amadya mapadi ndi mawaya omwe. Mapadi osamalidwa chotere amatha kugwira zilimwe ziwiri kapena zitatu. Amene agwiritsidwa ntchito ndi madzi amchere osakhuthulidwa amafunika kusintha Seputembala wotsatira asanafike.