Mukatsika sitima pa Monkey Bay: ku Cape Maclear kapena ku boma la Mangochi?

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha kumtunda, Cape Maclear ndiye pafupi, makilomita osakwana 25 pa matola kapena kabaza wa njinga yamoto. Pa Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, mumachita hayala boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba ta mawanga towala tija timene tinachititsa kuti UNESCO izindikire paki ya Lake Malawi National Park mu 1984. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo funsitsani ngati ndalama yolowera m'paki ili momwemo, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo. Lawirirani, makamaka mu June ndi July pamene mwera umavundula nyanja. Pamabango pafupi ndi mudzi osasambirapo, pamakhala nkhono za likodzo.

Ku boma n'kutali, makilomita oposa 60, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze, kotero nthawi yambiri ithera pamsewu. Kuli nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho wa Shire, mfuti ya sitima yakale yankhondo ya Guendolen, ndi nyumba yosungira zakale. Zonsezi ola limodzi mwamaliza. Kumeneko kumayenera wofuna mabanki ndi msika waukulu, koma anyamukeko nthawi idakalipo kuti sitima isamusiye.