Pa mtsinje wa Breede: chubu cha thiraki kapena cha m'sitolo?

Ntchito zikatsekedwa pakati pa Disembala, ena mwa ife a ku Cape Town amene sitinapite kumudzi timanyamula matenti n'kulowera ku mtsinje wa Breede, cha ku Bonnievale kapena Swellendam. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, ndiye m'Disembala dzuwa limaswa mtengo ndipo madzi amayenda mwaulesi. Ukakhala pa chubu amakutenga pang'onopang'ono uli chagada, maso ali ku mapiri a Langeberg. Koma pamsasa mkangano wa chubu sutha. Ine ndayendapo pa mitundu yonse itatu imene anthu amabwera nayo, ndipo ndikuuzani mmene ndinaionera.

Ndiyambe ndi chimene tonse tinakulira, chubu chakuda cha m'tayala la thiraki, chonga chija ana amaseweretsa m'mbali mwa nyanja ku Salima. Mphamvu yake palibe wotsutsa. Labala wake ndi wochindikala ndiponso amatamuka, moti mukakhula pamwala kapena kugunda chitsa chobisala m'madzi, chimangonjanja n'kupitirira. Chikabooka, aliyense womata matayala amachikonza ndi chigamba ndi guluu. Kuchipeza kokha ndiye kwayamba kuvuta, poti mathiraki ambiri masiku ano amayendera matayala opanda chubu. Funsani kumene amakonza matayala a magalimoto aakulu, munene kuti mukufuna cha saizi ya 9.00-20 kapena 10.00-20. Cha thirakitala chisiyeni, bowo lake ndi lalikulu ndipo mumangolowamo yense.

Zilango zake ndi ziwiri. Choyamba ndi valuvu. Ya thiraki ndi yachitsulo, yaitali, yopindika, ndipo imaloza m'kati mwa bowo momwe inu mwakhala. Ulendo wanga woyamba sindinalabadire. Pamalo pena pamene madzi amathamanga pakati pa miyala, chubu chinazungulira ndipo chitsulo chija chinandilemba mzere kuchokera pantchafu mpaka m'chiuno. Usiku wonse ndinagonera mbali imodzi m'tenti. Kuyambira pamenepo ndimachikulunga ndi chidutswa cha labala ndi tepi yolimba, n'kutembenuza chubu kuti valuvu iyang'ane pansi. Chachiwiri ndi kutentha. Chinthu chakuda chikakhala padzuwa la masana chimaotcha ngati chiwaya, ndiye mumakhalira kuchithira madzi, ndipo mkono ukakhudzana nacho nthawi yaitali khungu limanyuka. Valani malaya a manja aatali, ngakhale akale.

Tsono pali machubu a m'sitolo opangidwira mtsinje. Chodziwika kwambiri ndi River Run cha Intex: m'lifupi mwake ndi masentimita 135, chili ndi potsamira msana, zogwirira ziwiri, poika zakumwa, ndi ukonde pansi pake. Ukonde umenewu musaupepuse. Umakusungani kuti musatsetserekere m'bowo, komabe madzi amalowa n'kumakuziziritsani. Mayi wina wa pagulu lathu amene amaopa madzi anakana chakuda chija kwamtuwagalu, koma pa ichi anakhala maola awiri akuimba nyimbo za kwaya, chitenje atafunda kumutu. Mtima wanga unakondwa kumuona, chifukwa zaka zonsezi iye ankangotsala pamsasa kuyang'anira mapoto.

Kufooka kwa machubu a mtundu umenewu n'kwakuti ndi apulasitiki, ndipo pulasitiki satamuka ngati labala. Mukachipopa mpaka kulimba gwa m'mawa n'kuchisiya padzuwa, mpweya umafufuma ndipo misoko imavutika. Popani mosiyako pang'ono, muchiike pamthunzi. Minga ndi nthambi zakuthwa nazo sichigwirizana nazo. Onaninso kulemera kumene alemba pabokosi, musakwerepo awiri.

Mtundu wachitatu sindichedwapo: timachubu towala tija togulira ana osambira m'dziwe la panyumba. Tinagulapo kamodzi chifukwa chotsika mtengo. Tisanathe ndi theka la ola kanakhula pabango, tinangomva kuti fwii, mnyamata amene anali pamenepo n'kutsala akukupa madzi ndi manja. Mwayi wake panali posaya. Timeneti tisafike kumtsinje.

Ndiye kusankha kwagona pa madzi amene mukupitako. Pamene mtsinje uli wotakata ndi wodekha, cha m'sitolo chimapambana, makamaka ngati muli ndi akuluakulu kapena anthu amantha. Pamene pali miyala yambiri ndi madzi osaya, ine ndimatenga chakuda. Koma chubu si chopulumutsira moyo ayi. Munthu akagudubuka, chimathawa ndi mphepo msanga kuposa mmene iye angasambirire. Ana ndi onse osadziwa kusambira avale life jacket (jekete yoyandamitsa munthu pamadzi) yomanga bwino, ndipo kumapazi kukhale nsapato zakale zomanga zingwe, osati mapatapata. Musamangirirenso chubu kumwendo kapena kulumikiza machubu ndi chingwe chachitali, chifukwa chikakola pachitsa madzi amakukanikizirani pansi.

Za mvula ndimazinena ndi mtima wolemera. Mu Malichi 2000, anthu 13 anamwalira pa mtsinje wa Storms River ku Tsitsikamma m'chigawo cha Eastern Cape, ali pa machubu, madzi atadzaza mwadzidzidzi m'chigwa chopanikizika. Mvula ikhoza kugwa kumtunda inu muli padzuwa. Madzi akayamba kufiira kapena kubwera ndi zinyalala, tulukani. Anzathu a ku Johannesburg amene mumapita ku Mpumalanga kapena Limpopo, kumbukirani kuti kwanuko Disembala ndi dzinja monga kwathu, ndipo mitsinje ina ya kumeneko ili ndi ng'ona, mvuu ndi likodzo. Amene tinakulira m'mbali mwa Shire sitifunika kuuzidwa kawiri. Funsani eni malo musanaponye chubu m'madzi.

Chaka chino m'buti mwanga mulowa machubu awiri akuda omata kale mavaluvu, chimodzi cha m'sitolo cha mayi aja, pampu ya phazi ndi zigamba. Galimoto ina tidzaisiyiratu kumunsi kumene tikatulukire, makiyi ake ali m'kabotolo kotseka bwino komangirira pa life jacket ya dalaivala.