Chlorpromazine ndi haloperidol patatha miyezi isanu ndi umodzi kuno ku Chigwa cha Shire

Mankhwala awiriwa, amene amaperekedwa kwa odwala matenda a maganizo, amagwiradi ntchito. Mawu amene munthu ankamva m'mutu amachepa, tulo timabwerera, ndipo amayambanso kupita kudimba. Chovuta n'chakuti ambiri amawasiya panjira chifukwa cha mmene amamvera m'thupi, ndipo kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumawonjezera vutolo.

Kugona kwambiri kumene chlorpromazine amabweretsa kumachepa pakapita masabata ochepa, makamaka achipatala akasamutsira mlingo waukulu usiku. Chizungulire podzuka chimachedwerapo kutha, chifukwa mankhwalawa amatsitsa kuthamanga kwa magazi munthu akaimirira. Khalani kaye pamphasa mphindi imodzi kapena ziwiri musanaime.

Pa dzuwa ndi pofunika kusamala kwambiri. Chlorpromazine amachititsa khungu kupsa msanga, komanso thupi limalephera kudziziziritsa bwino. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Nchalo ndi Ngabu, limani m'mamawa n'kuweruka dzuwa lisanakwere. Valani chipewa ndi malaya a manja aatali, madzi asakuchokeni pafupi. Benzhexol, amene ambiri amamutchula kuti Artane, amathandiza pa kuuma khosi, kunjenjemera manja ndi kutuluka dovu kobwera ndi haloperidol, koma amachepetsa thukuta ndi kudzimbitsa. Si womangomwa chimwereni, afunika kuunikidwanso pakapita miyezi.

Achibale mumve ichi: wodwala akatentha thupi kwambiri, minofu n'kuuma gwa, mutu n'kubalalika, musangoti ndi malungo. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kanenenitu mankhwala amene akumwa.

Zina zimatulukira mochedwa. Milomo kutafuna yokha kapena lilime kutuluka mosafuna ndi zoti mukanene msanga, poti Artane sathetsa zimenezi, amatha kuziwonjezera. Amayi ena msambo umaima, mawere n'kumatuluka mkaka. Akayezetse mimba, koma akadziwe kuti mankhwalawa amachitanso zimenezi. Thupi likamakula msanga, yezetsani sikelo ndi shuga.

Mlingo amasintha ndi achipatala okha, ndipo amatsitsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Kusiya kamodzinkamodzi kumabweretsa nseru ndi kusowa tulo, kenako matenda aja amayambiranso. Mlingo ukatsitsidwa, wosamalira wodwala ayang'anire tulo: akakhala masiku awiri kapena atatu osagona bwino, bwererani tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala lisanafike. Kachasu ndi chamba zimabweza zonse m'mbuyo.

Amene amaiwalaiwala mapilitsi afunse za jakisoni wa fluphenazine, amene kawirikawiri amabayidwa pamwezi kamodzi. Inu okhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, monga ku Makhanga, kambiranani ndi achipatala mvula isanayambe za mankhwala okwanira nthawi imene madzi amadula misewu, ndipo muwasunge m'botolo lotseka bwino, kutali ndi malata.