Raspberry Pi 4 pa ntchito yolumikizana ndi zipangizo zingapo za Bluetooth nthawi imodzi

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito kakompyuta ka Raspberry Pi 4 Model B pa famu ina ya nkhuku kunja kwa mzinda wa Lilongwe, komwe mwini wake anandipempha kuti ndimukonzere njira yodziwira kutentha ndi chinyezi cha m'makina ake 6 oswera mazira popanda kudzuka kawirikawiri usiku. Dzira la nkhuku limatenga masiku 21 kuti liswe, ndipo nthawi yonseyo kutentha kuyenera kukhala pafupi ndi madigiri 37.5, kotero kuti makina amodzi akazizira kwa maola angapo munthu osadziwa, ndalama zonse zogulira mazirawo zimalowa m'madzi. Pa makina aliwonse ndinaikapo Arduino (kabolodi kakang'ono kowerenga sensa), sensa yoyezera kutentha ndi chinyezi, ndi kachipangizo ka HC-05 kamene kamatumiza manambala kudzera pa Bluetooth, ndipo Pi ndiyo imalandira manambala onsewo nthawi imodzi n'kuwasunga. Zomwe ndikulemba pano zikukhudza ntchito imodziyi basi, chifukwa ndiyo ndaiyesa usana ndi usiku.

Raspberry Pi 4 inatuluka mu June 2019 kuchokera kwa akatswiri a ku Cambridge ku Britain, ndipo yotsika mtengo kwambiri inali pa madola 35 panthawiyo. Ili ndi purosesa ya Broadcom BCM2711 ya mitima inayi, Bluetooth 5.0, Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi 5 GHz, polowetsa waya wa Ethernet, ndiponso mabowo anayi a USB. Pa ntchito ngati yangayi mphamvu zimenezi n'zoposa zofunika.

Chimene chinandisangalatsa poyamba n'chakuti kulemba pulogalamu yolankhula ndi HC-05 sikusiyana kwenikweni ndi kulemba pulogalamu yolankhula ndi kompyuta ina pa intaneti. Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa Pi, ili ndi BlueZ, yomwe ndi gawo loyendetsa Bluetooth, ndipo mbali yake yoona za masoketi, omwe ndi makomo amene pulogalamu imatumizira ndi kulandirira uthenga, ili mkati mwa kernel momwe, pachimake pa Linux. Mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, munthu amangotsegula soketi ndi AF_BLUETOOTH, SOCK_STREAM ndi BTPROTO_RFCOMM, kenako n'kuiuza adiresi ya chipangizocho, yomwe imakhala manambala ndi zilembo m'magulu asanu ndi limodzi, pamodzi ndi nambala ya tchanelo. Palibe laibulale ina yofunika kuikapo, ndipo ndikulangiza amene akuyamba lero kuti asadalire PyBluez, yomwe eni ake analeka kuipititsa patsogolo. RFCOMM, njira ya Bluetooth yotumizira uthenga ngati pa waya wa serial, ili ndi matchanelo kuyambira 1 mpaka 30, ndipo HC-05 imamvetsera pa tchanelo 1. Ena amada nkhawa kuti zipangizo 6 zonse zikagwiritsa ntchito tchanelo 1 zisokonezana, koma sizitero, popeza tchanelocho n'cha chipangizo chimene mukuchiitanacho, ndipo chilichonse chili ndi adiresi yakeyake.

Masoketi 6 akatseguka sipafunika thread (kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha) ya soketi iliyonse. Ine ndinawalembetsa onse mu selectors ya Python, yomwe imayang'anira masoketi ambiri pamodzi, ndipo pulogalamu imadikira malo amodzi mpaka soketi ina itakhala ndi chonena. Apa pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri: RFCOMM imanyamula mabaiti ngati madzi a mu paipi, sisunga malire a uthenga. Arduino ikatumiza mzere umodzi, Pi ikhoza kulandira theka lake tsopano ndi theka linalo pakamphindi, kapena kulandira mizere iwiri yophatikizana. Choncho soketi iliyonse iyenera kukhala ndi posungira pakepake, ndipo manambala aziwerengedwa pokhapokha chizindikiro cha kutha kwa mzere chikafika. Amene anyalanyaza zimenezi adzaona kutentha kwa madigiri 3 m'malo mwa 37.5, n'kuyamba kukayikira sensa yomwe ilibe vuto.

Kuphweka kwa masoketi kukhoza kumupusitsa munthu kuganiza kuti angatsegule ochuluka monga afunira, ngati mmene zimakhalira pa seva ya intaneti. Malire enieni ali pa wailesi ya Bluetooth, gawo limene limatumiza ndi kulandira mafunde. Mu Bluetooth ya mtundu wakale, yomwe HC-05 imagwiritsa ntchito, zipangizo zimapanga kagulu kotchedwa piconet, momwe chimodzi chimatsogolera ndipo zotsatira zimene zili pa ntchito sizingapose 7, chifukwa nambala yozisiyanitsira ili ndi mabiti atatu okha. Mtsogoleri ndiye amasunga nthawi. Wailesi imadumpha m'mafunde 79 maulendo 1,600 pa sekondi iliyonse, ndipo nthawi imagawidwa m'tizidutswa ta mamaikurosekondi 625, momwe wotsatira amalankhula pokhapokha mtsogoleri atamuitana. Izi zikutanthauza kuti mawu akuti nthawi imodzi ndi oona m'maso mwa pulogalamu chabe, pomwe mumlengalengamo zipangizo zikulandirana mwayi, ndipo liwiro lonse likugawidwa pakati pawo. Pa manambala ochepa a kutentha, otumizidwa pa liwiro la baud 9600, kugawanaku sikuoneka n'komwe.

Funso lakuti ndani akutsogolera ndilo linanditengera nthawi yaitali kuposa lina lililonse. Poyamba ndinasintha ma HC-05 ndi AT+ROLE=1, limodzi mwa malamulo a AT osinthira kagwiridwe ntchito ka HC-05, kuti iwo aziitana Pi, ndipo Pi izingomvetsera ndi listen ndi accept monga zimachitira maseva. Zipangizo zikakhala ziwiri zinkayenda bwino, koma zikachuluka kulumikizana kunkadukaduka. Chifukwa chake n'chakuti mu Bluetooth amene waitana ndiye amayamba ali mtsogoleri, choncho Pi inkapezeka ili wotsatira m'magulu angapo, lililonse ndi wotchi yake, n'kumayesa kuthamangira uku ndi uku. Pali njira youza Pi kuti izilanda utsogoleri munthu akangoiitana, koma ine ndinasankha yosavuta: ma HC-05 onse ndinawabwezera kukhala odikira, ndipo Pi ndiyo imaitana. Kuyambira pamenepo kulumikizana kunakhazikika.

Ngakhale zili choncho, kuitanako kuyenera kuchitika chimodzichimodzi. Mukatsegula ma thread 6 kuti onse aitane pa kamphindi kamodzi, ena amabwerera ndi uthenga wakuti chipangizo chatanganidwa, chifukwa wailesi ndi imodzi ndipo siingafunefune zipangizo ziwiri nthawi yomweyo. Chipangizo chikakhala chozima, kuitana kumadikira masekondi pafupifupi 5 kusanalephere, ndipo ngati kudikirako kuli m'malo omwewo amene mukuwerengera masoketi ena, onsewo amaima nanu. N'chifukwa chake ntchito yolumikizanso zipangizo zimene zaduka ndinaipatsa thread imodzi yapadera, yomwe imayesa chimodzi, kupuma, n'kupita pa china. Dziwaninso kuti chipangizo chikazima mwadzidzidzi soketi siidziwa nthawi yomweyo. Mwachizolowezi pamadutsa masekondi 20 wailesi isanavomereze kuti mnzake wapita. Pulogalamu yanga imalemba nthawi imene makina aliwonse analankhula komaliza, ndipo akakhala chete mopitirira muyeso imaliza belu m'chipinda cha mlonda.

Zofooka za kakompyutaka pa ntchito imeneyi ndi zodziwika kwa onse okagwiritsa ntchito. Bluetooth ndi Wi-Fi zili pa chip imodzi ndipo zimagawana antena imodzi, choncho ngati Wi-Fi ili pa 2.4 GHz, komwenso kuli Bluetooth, ziwirizi zimalimbirana mpata makamaka pamene mukutumiza mafayilo aakulu. Mankhwala ake ndi kusamutsira Wi-Fi pa 5 GHz kapena kuizimitsa n'kugwiritsa ntchito waya wa Ethernet, ndipo ine ndinachita chachiwirichi. Zipangizo za USB 3.0 nazonso zimatulutsa phokoso la wailesi pafupi ndi mafunde omwewo, ndiye ngati mukufuna kusungira manambala pa fulashi ndi bwino kuilowetsa m'mabowo akuda a USB 2.0 osati abuluu. Bokosi lachitsulo lokongola lija limene ambiri amakonda kuikamo Pi limatchinga antena, ndipo HC-05 yomwe imafika mamita pafupifupi 10 pamalo poyera siifika kutali pakakhala khoma la njerwa zootcha. Pi yanga ili m'bokosi la pulasitiki, pamwamba pa khoma pakati pa chipinda, ndipo ma HC-05 ali kunja kwa makinawo osati m'kati.

Kudziwanitsa zipangizo koyamba kumafuna kuleza mtima, makamaka chifukwa malangizo ambiri opezeka pa intaneti analembedwa BlueZ 5 isanafike ndipo amatchula hcitool ndi sdptool, zida zimene olemba BlueZ anazisiya kale. Chogwiritsa ntchito masiku ano ndi bluetoothctl: kuyatsa agent, kufufuza, kulemba PIN, kenako trust kuti Pi ikazima n'kuyakanso isafunsenso. Mukamaliza, zimitsani kufufuzako, chifukwa wailesi ikamafufuza imachotsa nthawi pa zipangizo zolumikizidwa kale. PIN imene HC-05 imabwera nayo ndi 1234, ndipo aliyense wodutsa ndi foni ya Android angathe kuiyesa, choncho isintheni musanakhome bokosi. Amene akufuna kuti foni ndiyo iziitana Pi akhala ndi ntchito yowonjezera, popeza Android imafunafuna tchanelo pogwiritsa ntchito UUID, nambala yaitali yozindikirira ntchito, ndipo Pi iyenera kulengeza ntchito yakeyo kudzera pa D-Bus, njira imene mapulogalamu a Linux amalankhulirana. iPhone siilola mapulogalamu wamba kugwiritsa ntchito njira ya RFCOMM imeneyi.

Nkhani ya magetsi siingasiyidwe kwathu kuno. Pi 4 imafuna mavoti 5 ndi maampu 3 kudzera pa USB-C, ndipo tchaja ya foni yofooka imaichititsa kuti izichita zinthu zosamveka zimene munthu angaganize kuti ndi vuto la pulogalamu. Magetsi akathima ili mkati molemba, khadi la microSD likhoza kuwonongeka, n'chifukwa chake ndinaiika pa batire la sola lomwe limayendetsanso makina oswera mazirawo. Pi imatenthanso: ikafika madigiri 80 imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo m'chipinda chofunda kale, m'mwezi wa October, kachitsulo koziziritsira ndi kafani n'zofunika ndithu. Dandaulo langa lalikulu silili pa Pi koma pa ma HC-05 awiri amene ndinagula kwa wamalonda wina, omwe ankaoneka ofanana ndi anzawo koma ankakana ena mwa malamulo a AT. Ndinawasintha, ndipo tsopano ndimayesa kachipangizo kalikonse ndi malamulo a AT pa baud 38400 ndisanakalumikize pa makina.

Kwa munthu amene ali ndi zipangizo zosaposa 7, zili m'chipinda chimodzi, zotumiza manambala ochepa, ndipo amadziwa kale masoketi a Python kapena C, Raspberry Pi 4 ndi yoyenera kugula ndipo ndingaigulenso. Kwa amene akufuna masensa makumi awiri omwazikana pa munda wonse, Bluetooth ya mtundu uwu si njira yake, ndipo angachite bwino kuganizira kabolodi ka ESP32 ndi Wi-Fi. Mwini famu uja wandiuza kuti akufuna kuwonjezera makina awiri mvula isanagwe, zomwe zifikitsa chiwerengero pa 8. Ndagula kale kachipangizo ka Bluetooth kolowetsa pa USB, kamene Linux idzakaona ngati wailesi yachiwiri yokhala ndi adiresi yakeyake, ndipo pogwiritsa ntchito bind, lamulo louza soketi wailesi yoti idutsire, soketiyo isanaitane, ndidzaika makina anayi pa wailesi ya m'kati ndi anayi enawo pa yatsopanoyo.