Simu yakale pa foni ya 4G: kuidula, kuswapa kapena kugula layini ina?

June wapitayu nditagulitsa kachewere pa Lizulu ndinawagulira madala anga foni ya tachi, pabokosi atalemba 4G zilembo zikuluzikulu, cholinga azionana pa vidiyo ndi zidzukulu zawo za ku Joni. Tafika kumudzi tatsegula kafoni kawo ka mabatani, simu yake ndi zija zikuluzikulu zija, yofufutika moti dzina la kampani silikuwerengekanso, ndipo m'foni yatsopanoyo sikulowa. Mawa lake ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa trading, iye nkuiika m'kachitsulo kokhala ngati sitepula, khwapu, yachepa, yalowa. Kuimba ikuimba, mameseji akulowa. Koma pamwamba pa skirini pangokhala ka H+ komwe ndi chizindikiro cha 3G, mukalowa m'nyumba kasanduka E wa 2G, pomwe yanga pakhonde lomwelo, kampani yomweyo, ikulemba 4G. Madala akuti "iwe akubera, foni iyi ndi yabodza." Sanandibere ayi. Vuto linali kasimu kaja, ndiye poti ambiri kuno mukugula mafoni atsopano nkumasunga simu za makedzana, ndati ndiyerekeze njira zomwe zilipo monga ndinazionera.

Choyamba tichotse chisokonezo ichi, kukula kwa simu ndi m'badwo wa simu ndi nkhani ziwiri zosiyana. Yaikulu ija ndi mamilimita 25 kwa 15, ya micro 15 kwa 12, ya nano 12.3 kwa 8.8, koma chomwe chikusintha apa ndi pulasitiki wa m'mbali basi. Nzeru zili m'kachitsulo kagolide kaja. Simu za nthawi ya 2G zinapangidwa mwakuti netiweki imafunsa khadi kuti ndiwe ndani, khadi nkuyankha, zatha. Za m'badwo wotsatira, zomwe akatswiri amati USIM, nazonso zimabweza funso kuti nanga iwe nsanja ndiwe weniweni? Kufunsana mbali zonse. Netiweki ya 3G imalandira mitundu iwiri yonseyi, nchifukwa chake simu ya madala inkafika pa H+, koma malamulo a 4G amakaniratu simu yakale ija, ilibe mayankho a mafunso omwe imafunsidwa pakhomo. Ndiye mungaidule bwanji, ngakhale ichepe ngati njere ya dzungu, mkati mwake ikadali ya 2G.

Taganizani zaka zake. TNM inayamba 1995, Celtel inabwera 1999 nkusanduka Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010, pomwe 4G TNM inaiyambitsa 2016 ndipo Airtel 2018. Munthu amene simu yake anagula nthawi ya Celtel kapena Zain ndipo sanaitayepo, asadabwe. Komano osangowerengera zaka, pali simu zina zogulidwa 4G isanafike zomwe zinali kale za mtundu watsopanowu ndipo zimagwira bwinobwino. Kuyesa kwake nkosavuta, pezani mnzanu wa kampani yomweyo amene foni yake ikulemba 4G pamalo pomwe mwaimapo, ikani simu yanu m'foni mwake, ikakana kulemba 4G mwampeza wolakwa. Ikalemba, ndiye kuti vuto ndi foni yanu kapena masetingi ake.

Tsopano njira zake. Kuisiya momwe ilili, imeneyi sindikuinyoza olo pang'ono. Mayi anga ali ndi ka itel ka mabatani, ntchito yake kuimba, kulandira ndalama, tochi usiku ndi wailesi, batire limakhala masiku angapo, simu yawo ndi yakalenso ndipo sindinaikhudze. 4G aitani nayo? Zonse za *211# kapena *444# zimayenda pa 2G popanda chovuta.

Kudula ndi njira yomwe ambiri timathamangira poti ndi yapafupi komanso sufunsidwa chitupa. Ubwino wake ndi umodzi wokha, simu ilowa m'foni lero lomwe ndipo manambala omwe munasunga pa simu akhalapobe. Kuipa kwake ndanena kale, liwiro silisintha, komanso simu zakalekale kachitsulo kake kamakhala kotambalala ndiye kuti ifike pa nano wodulayo amadya nako m'mbali, akalakwitsa pang'ono yafa. Ine ndinaonapo mnzanga akudula yekha ndi sizasi ya telala, atayerekeza ndi simu ya wina, foni nkungoti no SIM, ndipo tsiku limenelo amadikira foni ya wogula kabichi wochokera ku Blantyre. China chomwe odula sakuuzani, nano yeniyeni ndi yopyapyala pang'ono kuposa zakale zija, ndiye yodulidwa imathina m'kathireyi, kuikakamiza mutha kupinda timawaya ta m'kati, ndipo zimenezo ndiye ndalama zenizeni.

Kuswapa, kapena kuti kukatenga khadi latsopano ku kampani pa nambala yanu yomweyo, apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitse chifukwa anthu amaopa zinthu zosaopsa nkumaiwala zoopsa zenizeni. Madala anakana kaye, amvekere nambala yanga anthu a mpingo onse amaidziwa, ya ku maliro, ya kwa amfumu, ndiyambirenso? Ndinawakumbutsa za 2009 pomwe manambala onse anawonjezeredwa kutsogolo nkukhala a 0999 ndi 0888, kodi munasintha simu nthawi imeneyo? Akuti ayi. Eya, chifukwa nambala sikhala m'kakhadi, imakhala m'makompyuta a kampani, iwo amangoimangirira ku khadi lomwe akupatsani. Ndiye mukaswapa nambala ndi yomweyo, ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zili pomwepo, WhatsApp osasuntha. Khadi latsopano limabwera lodulidwa kale patatu, mumangothyola saizi yomwe mukufuna, ndipo lakale lija limafa latsopano likangodzuka.

Zomwe zimatayika ndi manambala osungidwa pa simu, paja zambiri zimasunga mpaka 250, ndipo akuluakulu athuwa onse amasungira pamenepo osadziwa. Koperani kaye ku foni musananyamuke. Ife tinachita kukhala pansi usiku ndi kope la sukulu, ine ndikuwerenga iwo akulemba, mpaka tinapezamo manambala a anthu oti anatisiya kalekale, madala amangoti "ameneyo usafufute."

Chopinga chachikulu ndi dzina. Mukukumbuka 2018 MACRA italamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika, anthu ambiri m'midzimu analembetsa ndi chitupa cha mwana, cha mlamu, ena cha neba poti chawo chinali chisanatuluke. Tsono poswapa amafuna mwini dzina ndi chitupa chake. Ya madala inapezeka ili m'dzina la achemwali anga omwe ali pabanja ku Lilongwe, tinachita kudikira abwere kumudzi ndiye nkupitira limodzi ku boma, thiransipoti ya anthu atatu, imeneyo ndiye inandiwawa kuposa mtengo wa khadi. Fufuzani zimenezi musanakwere minibasi. Ndipo chonde, kuswapa kumachitika inu muli pamaso pa munthu wa pa shopu ya kampani kapena ejenti wovomerezeka, wina akakuimbirani kuti ndife a ku ofesi tikufuna tikukwezereni simu ipite pa 4G tiuzeni PIN, dulani foni, ameneyo akufuna za m'thumba mwanu.

Kugula layini ina nkusiya yakale m'kafoni ka mabatani, anyamata ambiri amachita zimenezi ndipo kwa wa geni zili ndi nzeru zake, ina ya makasitomala ina ya bandulo, makamaka mukatenga ya kampani inayo kuti kwina ikathawa netiweki kwina igwire, poti mapiri athuwa mukudziwa, kuseri kwa phiri la Dedza kapena potsetsereka ku Golomoti zimatengera mwaima pati. Koma kwa munthu wamkulu ndi mtolo, mafoni awiri otchaja, ma PIN awiri, ndipo layini yongokhala osagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali kampani imatha kuitseka nkupatsa wina. Mukaika zonse m'foni imodzi ya simu ziwiri onetsetsani kuti data mwaiika pa simu yatsopanoyo, mafoni ena akalekale 4G imakhala mbali imodzi yokha.

Za 5G ndingodutsapo, TNM inayamba kuiyesa 2023 m'mizinda, ndipo simu yomwe ikugwira 4G nthawi zambiri imalowanso pa 5G, chomwe chimafunika ndi foni yake ndi nsanja yake. Wina asakugulitseni simu pa msika wa Tsangano ati ndi ya 5G.

Kanthu kena ka ife a m'malire, mseu wa M1 kuyambira cha ku Biriwiri mpaka Lizulu tsidya linalo ndi Mozambique, ndiye foni nthawi zina imadumphira pa Movitel kapena Vodacom yokha, intaneti nkuima. Ameneyo si ukalamba wa simu, lowani m'masetingi musankhe nokha netiweki ya kwanu m'malo mosiya pa automatic. Ndipo musatsekere foni pa LTE only pofuna kukakamiza 4G, mafoni ambiri akamaimba amatsikira kaye ku 3G kapena 2G, ndiye mukatseka njira imeneyo anthu azikusowani inu muli phee pa Facebook.

Ine kuyerekeza kwanga, wa foni ya mabatani asiye simu yake, wa foni ya tachi aswape, kudula kukhale kongodikirira tsiku lopita ku boma. Madala pano 4G ikulemba pakhonde, vidiyo ya ku Joni sikudukaduka, zidzukulu akuziona mpaka mano. Dandaulo lasintha, akuti simu yatsopanoyi ikudya bandulo ngati mbuzi m'dimba. Simu sidya kanthu, kungoti netiweki ikathamanga mavidiyo amatseguka okha komanso amabwera owala kwambiri, owala ndiye olemera. Ndawazimitsira auto download pa WhatsApp, ndawayatsira data saver, Loweruka ndikubwera ndi feteleza ndikaonanso ngati bandulo ya sabata yafika Lachisanu.