Zam-Buk, Vicks, jivi ndi anzake: oyenera kukhalabe m'kabati ndi ati?

M'mafamase a ku Old Town ndi m'magolosale a ku Kawale, Mchesi kapena Area 25, mankhwala amene agogo athu ankasunga akadali pashelefu. Anthu akuwagulabe chifukwa ndi otsika mtengo ndipo safuna kalata ya dokotala. Ambiri mwa iwo ndi abwino ndithu, koma ntchito ya alionse ndi yochepa kwambiri, ndipo amavulaza tikawapatsa ntchito imene si yawo.

Zam-Buk, mafuta obiriwira a m'kachitini aja, anayamba kupangidwa ku Leeds, England, mu 1902. Muli mafuta a bulugamu ndi camphor. Pa mang'a, pa milomo yosweka ndi chisanu cha June ndi July, ndiponso polumidwa ndi udzudzu, amathandiza zedi. Pa mang'a, viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10, kwechani khungu lolimbalo ndi mwala, pukutani pang'ono, pakani phazi likadali lachinyezi, kenako valani sokosi n'kugona. Wopaka m'mawa pa phazi louma n'kuvala patapata amangomatira fumbi m'ming'alumo. Vaseline amachitanso ntchito yomweyi pa mtengo wotsikirapo, chimene Zam-Buk amaonjezera ndi kuzizirira kochepetsa kuyabwa. Koma wodwala shuga amene mng'alu wake ukutuluka magazi asadalire zonsezi, apite kuchipatala.

Vicks ndiye amene amalakwitsidwa kwambiri. Muli camphor, menthol ndi mafuta a bulugamu. Sachiza chimfine, ndipo satsegula mphuno kwenikweni: menthol amangochititsa kuti mpweya uzimveka wozizira ukamalowa, munthu n'kugona bwinoko. Zimenezo n'zokwanira kuti akhale m'nyumba. Pakani pang'ono pachifuwa ndi pakhosi, n'kuvala chovala chosathina. Musamupake m'mphuno, musamunyambite, musamusungunulire mu tiyi, ndipo musamupake mwana wosakwana zaka 2. Camphor akamezedwa ndi poizoni, ndipo mwana wamng'ono akhoza kukomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu, choncho kabotolo kazikhala patali ndi ana. Musamutenthetsenso pambaula, amayaka. Mwana akamapuma mofulumira, m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati, chikhoza kukhala chibayo, ndipo malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likatentha, kayezetseni malungo musanayambe kupaka chilichonse.

Jivi (gentian violet), mankhwala amadzi a mtundu wa pepo aja, amaumitsa tizilonda tating'ono ndipo amapha tizilombo tina, koma anthu ambiri sawerenga mphamvu yolembedwa pabotolo. Wa pakhungu ndi wa 0.5 peresenti. Wa zilonda za mkamwa mwa mwana ndi theka la pamenepo, 0.25 peresenti, ndipo ameneyo azikupatsani a chipatala. Botolo likakhala losatseka bwino madzi amauma, mankhwala otsalawo amakhala aukali n'kuwotcha khungu. Vuto lina ndi mtundu wake: chilonda chikadetsedwa chonse, namwino amavutika kuona ngati chikufiira kapena kuchita mafinya. Dziko la Canada linamuchotsa pamsika mu 2019 poopa kuti akhoza kuyambitsa khansa. Ngati mukumusungabe, akhale wa kachilonda kakang'ono kwa masiku ochepa, osati chilonda chakuya. Pa mchombo wa khanda pakani zokhazo zimene a chipatala akupatsani.

Calamine ndi wofatsa kuposa onsewa, ndipo ndi woyenera kukhala m'nyumba iliyonse ya ana. Ndi ufa wa zinc oxide wosakaniza ndi madzi, n'chifukwa chake umadikha pansi. Khutchumulani botolo mpaka mtundu ufanane, donthezani pa thonje, gusani pamalo poyabwa osatikita, n'kusiya kuti aume. Amachepetsa kuyabwa kwa katsabola ndi tiziphuphu ta thukuta ta mu October. (Mwana wa katsabola musam'patse aspirin, m'patseni paracetamol pa mlingo wa msinkhu wake.) Kumene anthu amatayira ndalama ndi pa mphere ndi zipere, chifukwa calamine sapha chimene chikuyambitsa. Mphere zimafuna benzyl benzoate wopaka thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, a m'nyumba onse nthawi imodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa ndi madzi otentha. Zipere za pathupi zimamva mafuta a Whitfield kapena clotrimazole opaka kwa masabata angapo, pamene za m'mutu zimafuna mapiritsi.

Gripe water yekha ndiye sitikumuvomereza. Anayamba ndi William Woodward mu 1851, ndipo wakale uja munali mowa. Wa masiku ano ndi madzi otsekemera okhala ndi soda ndi mafuta a dill, ndipo palibe umboni wokwanira woti amaletsa khanda kulira. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe mwakathithi. Akamadzipinda atayamwa, muikeni paphewa n'kumusisita kumsana mpaka ageye.

Munthu akapsa, Vaseline, Zam-Buk, mankhwala otsukira mano ndi dzira zonse zikhale patali. Mafuta amatsekera kutentha m'khungu. Thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati wapsa ndi mwana, kapena ndi kumaso, m'manja kapena malo aakulu, thamangirani ku chipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central.

Pogula, sankhani famase yovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Katundu woyalidwa padzuwa m'mbali mwa msewu amasungunuka masana n'kugwirananso usiku, ndipo fungo, lomwe ndi mphamvu ya Vicks ndi Zam-Buk, limauluka. Onani tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu limene anapangidwira (batch number). Zilembo zikakhala zofufutika, chivindikiro chogwedera, kapena mafuta atalekana ndi kuyandama pamwamba, bwezani pashelefu.